Mawu oti "charge" sathera pa kutchaja foni: momwe mungawamvere ndi kuwagwiritsa ntchito

Tonse timatchaja foni. Timadziwanso kutchajidwa: telala akatchula mtengo wosokera diresi, munthu amabwerera kunyumba akudandaula kuti "wanditchaja zambiri." Mawuwa tinabwereka ku Chingerezi, ndipo anakhazikika pakamwa pathu moti palibe amawayesanso achilendo. Komatu tinabwereka matanthauzo awiri okha. Kwa eni ake, "charge" amagwira ntchito zambiri, ndipo zina n'zolemera ndithu. Mumawapeza pa pepala la kupolisi, pa sitetimenti ya ku banki, pa chitseko cha ofesi kuchipatala, m'nyuzipepala, ngakhalenso pa mayeso a MSCE. Amene amawerenga zonsezi m'mutu muli foni ndi telala basi amasochera, ndipo kusocherako nthawi zina kumadya ndalama, nthawi zina kumaipitsa mbiri ya munthu wosalakwa.

Kuloweza matanthauzo onse pamtima sikuthandiza kwenikweni, mawa lomwe mwaiwala. Chothandiza ndi kudziwa poyang'ana.

Yambani ndi funso ili: akusenza ndani, nanga akusenza chiyani?

Mawuwa analowa m'Chingerezi kuchokera ku Chifalansa chakale, ndipo Chifalansacho chinawatenga ku Chilatini "carricare", kutanthauza kupakira katundu m'ngolo. Ngoloyo inkatchedwa "carrus". N'chifukwa chake "car", "cargo" ndi "carry" amamveka moyandikana ndi "charge", onsewa anachokera kumodzi. Mbiri imeneyi ikupatsani pogwira. Pafupifupi paliponse pamene pali "charge", pali wina amene akusenzetsedwa katundu. Wogula amasenzetsedwa mtengo. Woganiziridwa amasenzetsedwa mlandu. Mkulu wa pamalo amasenza udindo. Batire imapakiridwa moto.

Ndiye mukakumana nawo musathamangire kumasulira. Werengani chiganizo chonse mpaka pa mpumiro, kenako dzifunseni kuti katundu wake ndi wanji. Mukaona chiwerengero cha ndalama, shopu kapena banki, nkhani ndi ya malipiro. Mukaona apolisi, khoti kapena dzina la mlandu, mwalowa m'zamalamulo. Kawirikawiri funso limeneli lokha limakufikitsani pakhomo.

Chachiwiri, yang'anitsitsani kamawu kamene kakutsatira

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndi pamene ambiri timalumphapo chifukwa timawu take ndi tating'ono. Aperekezi a Chingerezi, monga "for", "with", "at", "to" ndi "of", ndi amene amatembenuza tanthauzo. Taonani ziganizo ziwiri izi:

"He was charged for the damage."
"He was charged with malicious damage."

Choyambacho chikuti anamulipiritsa zimene anawononga. Mwina waswa galasi pamalo ogona alendo, eni ake awonjezera mtengo wa galasilo pa bilu, walipira, nkhani yatha. Chachiwiricho chikuti apolisi amutsegulira mlandu wowononga katundu mwadala, ndipo akaonekera kukhoti. Kusiyana kwa munthu wopita kwawo ndi munthu wofuna belo kwagona pa "for" ndi "with". Gwirani ichi: "charge for" ndi ndalama, "charge with" ndi mlandu.

Pali pena pamene "charged with" satanthauza mlandu. Mukawerenga kuti "The committee was charged with finding a new head teacher," komitiyo sinalakwe kanthu, yangopatsidwa ntchito yofufuza mphunzitsi wamkulu watsopano. Mudziwa bwanji? Onani chimene chikubwera pambuyo pa "with". Ngati ndi kuba, kupha, katangale kapena chinyengo, ndi mlandu. Ngati ndi ntchito yabwinobwino yoti ichitike, ndi udindo. Kalembedwe aka mumakapeza kwambiri m'malipoti a boma ndi a mabungwe, pocheza sikamveka kawirikawiri.

"Charge at" ndi kuthamangira munthu kapena chinthu mwaukali. "Charge to" ndi kulemba ngongole pa akaunti ya wina: "Charge it to my account" ndiye kuti lembani pa dzina langa, ndidzalipira pamodzi.

Tsono pali awiri amene amafanana kwambiri koma ndi otembenuzana. "The matron is in charge of the girls" akutanthauza kuti ametironi ndi amene akuyang'anira atsikana. "The girls are in the charge of the matron" akunena chomwecho kuchokera mbali ya atsikanawo, kuti ali m'manja mwa ametironi. Mukangochotsa "the" m'chiganizo chachiwirichi, n'kulemba kuti "The girls are in charge of the matron," mwapereka ulamuliro kwa ana, ametironi asanduka oyang'aniridwa. Ngati simukudzidalira, gwiritsani ntchito choyambacho, ndipo woyang'anirayo mumuike kumayambiriro kwa chiganizo.

Chachitatu: ikakhala nkhani ya ndalama, sankhani dzina lenileni la malipirowo

Poyamba dziwani mwini wa mneni aliyense. Munthu kapena kampani ndi amene amachita "charge". Chinthu chogulitsidwa chimachita "cost". Wogula amachita "pay". Choncho kwa ometa mufunse kuti "How much do you charge for a haircut?" koma mukaloza chikwama mufunse kuti "How much does this bag cost?" Chikwama sichitchaja munthu. Ndondomeko yake imayenda motere: mneni, munthu, ndalama, kenako "for" ndi chinthucho. "The tailor charged me K15,000 for the dress." Musaike "to" patsogolo pa "me".

Ife m'Chichewa tikhoza kunena "mtengo" kapena "malipiro" pa zinthu zambiri, womvera n'kumva bwinobwino. Chingerezi chimagawa. Katundu wa m'shopu ndi pamsika ali ndi "price". Sukulu, loya, dokotala ndi mayeso ali ndi "fee", kumene tinatengako fizi. Minibasi, basi, kabaza ndi ndege ndi "fare". Nyumba ndi "rent", lendi yathu ija. Zimene oyendetsa galimoto amalipira pa Chingeni ndi pa Kalinyeke mumsewu wa M1 ndi "toll". Mtengo wowerengedwa pa ola, pa tsiku kapena pa usiku umodzi ndi "rate". Chindapusa ndi "fine", chiwongoladzanja ndi "interest", ndipo pepala lophatikiza zonse zimene muyenera kulipira ndi "bill".

Nanga "charge" monga dzina amakhala pati? Malo ake enieni ndi ndalama zolipirira ntchito imene wina wakuchitirani, makamaka zija zowonjezera pamwamba. Zimene banki imadula pa akaunti ndi "bank charges". Zimene zimadulidwa mukamatapa ndalama ku Airtel Money kapena TNM Mpamba mungazitchule "charges" kapena "fees", zonse zimamveka. Kubweretseredwa katundu pakhomo kuli ndi "delivery charge". Abale athu ali ku Britain amadziwa "service charge" ya m'malo odyera, imene ku London kawirikawiri imakhala 12.5 peresenti yowonjezera pa bilu.

Cholakwika chimene ndimamva kwambiri ndi kusakaniza "fee" ndi "fare". Mwana wa sukulu akalemba kuti "bus fee" aphunzitsi amadula malikisi, ndipo akulondola. Njira yokumbukira ndi yapafupi: ngati chinthucho chikukunyamulani kuchoka apa kupita apo, ndi "fare".

Mawu ena awiri oti mukhale nawo pakamwa. "Free of charge" ndi ulere weniweni, osalipira kalikonse. "At no extra charge" si ulere ayi, akutanthauza kuti pa zimene mwalipira kale sawonjezerapo. Ndipo musanavomere ntchito iliyonse, kaya ndi kwa makaniko, kaya ndi kutumiza ndalama kunja, funsani kuti "Is there a charge for this?" kapena "Does that include all the charges?" Palibe chamanyazi pamenepa. Safunsa anadya phula.

Chachinayi: ikakhala nkhani ya mlandu, tsatani masitepe ake

Gawo ili ndimalitenga ndi mtima wonse, chifukwa ndi pamene kumasulira molakwika kumapweteka anthu. Nkhani ikatuluka m'nyuzipepala kuti wakutiwakuti "has been charged with theft," pasanathe ola m'magulu a WhatsApp mwadzaza kuti "wapezeka wolakwa," ena afika kale pomutchula mbava. Chiganizocho sichinanene zimenezo. Changonena kuti watsegulidwa mlandu. Munthuyo ali ndi ana amene mawa apita kusukulu, ndipo khoti likhoza kudzamupeza wosalakwa.

Chingerezi chili ndi mawu ake pa sitepe iliyonse, ndipo salowana m'malo. "Arrested" ndi kumangidwa, kugwidwa ndi apolisi. "Charged" ndi kuuzidwa mwalamulo mlandu umene ukayankhe. "Tried" ndi kuzengedwa kukhoti, mboni n'kumvedwa. "Convicted" ndiye kupezeka wolakwa, "acquitted" kupezeka wosalakwa. "Sentenced" ndi kupatsidwa chilango. Aliyense ali ndi mperekezi wake: "arrested for", "charged with", "convicted of", "acquitted of", "sentenced to". Lembani asanu amenewa pamalo amodzi, muziwawerenga motsatizana mpaka khutu lizolowere.

Kusiyanitsa kumangidwa ndi kutsegulidwa mlandu kuli ndi phindu lenileni. Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limati munthu womangidwa aonekere kukhoti pasanathe maola 48, kuti akauzidwe mlandu wake kapena chifukwa chopitirizira kumusunga, apo ayi amasulidwe. Maolawo akathera pa tsiku limene khoti siligwira ntchito, aonekere tsiku loyamba limene khoti latsegula. Gawo lomwelo limati wozengedwa mlandu atengedwe kuti ndi wosalakwa kufikira khoti litagamula. Ndiye m'bale wanu akagwidwa, funso loyenera kufunsa ndi lakuti "Has he been charged?" ndipo lotsatira ndi "What is the charge?" Pepala limene mlanduwo umalembedwapo ndi "charge sheet". Mukamva kuti "released without charge," ndiye kuti watulutsidwa popanda mlandu uliwonse.

Tsopano mawu oyandikana nawo. "Accuse" ndi kuneneza kapena kuloza chala, ndipo aliyense angathe kutero, mnansi, bwana, mkazi mnzanu. Amayenda ndi "of": "She accused him of lying." Koma "charge" wa mlandu ndi wa apolisi ndi oimira boma pa milandu okha. Inu simungachite "charge" mnansi wanu chifukwa cha mbuzi yosowa, mungathe kumuchita "accuse", kapena kukadandaula kupolisi. "Blame" ndi wopepukirapo, ndi kuloza munthu kuti ndiye wachititsa vuto, ndipo amayenda ndi "for". "Allege" ndi mawu amene atolankhani amakonda, kutanthauza kuti zikunenedwa koma umboni sunatsimikizidwe, ngati mmene ife timanenera kuti "akuti". "Sue" ndi kusumira munthu pa nkhani za pakati pa anthu awiri, monga ngongole kapena chipukutamisozi, osati mlandu wa boma. "Indict" mumawamva kwambiri m'nkhani za ku America, ndipo "c" wakeyo satchulidwa, amamveka ngati "indaiti".

Palinso magulu a mawu amene amayendera limodzi nthawi zonse, ndipo ndi bwino kuwatenga athunthu. "Face charges" ndi kuyembekezera kuyankha milandu. "Deny the charge" ndi kuukana mlandu. "Drop the charges" kapena "withdraw the charges" ndi kuuthetsa mlandu usanafike pa chigamulo. "Press charges" ndi pamene wolakwiridwa waumirira kuti mlandu upite patsogolo. Mukaona "three counts of theft," ndiye kuti mlandu wakuba womwewo akuti unachitika katatu, ndipo uliwonse uyankhidwa pawokha.

Chachisanu: udindo

Pa siteshoni ya polisi pali "Officer in Charge", uja timangomutchula kuti OC. Kuchipatala, namwino woyang'anira wodi kapena mkulu wa chipatala chaching'ono timamutchula kuti "in-charge". Tanthauzo ndi lomwelo, ndiye mwini udindo pamalopo. Polemba kumbukirani kuti ndi mawu awiri, "in charge", osati amodzi ophatikizana. "Take charge" ndi kutenga udindo wekha zinthu zikamasokonekera, "put in charge" ndi kupatsidwa udindowo ndi wina.

Mukafika pa ofesi muli ndi dandaulo, "Who is in charge here?" amamveka ngati mwabwera ndi ndewu. Nenani kuti "Could I speak to the person in charge, please?" Chitseko chimatseguka msanga.

Pa kalata yofunsira ntchito, "I was in charge of" ndi wolondola, koma akabwerezedwa kanayi amatopetsa, ndiponso sauza bwana chimene munkachita kwenikweni. Ngati munkayang'anira anthu, lembani "supervised". Ngati munkayendetsa ndalama, katundu kapena nthambi yonse, "managed". Ngati munkatsogolera gulu pa ntchito inayake, "led". Ngati shopu yonse inali m'manja mwanu tsiku ndi tsiku, "ran". Chenjerani ndi "responsible for", chifukwa amadula mbali ziwiri: "responsible for the stores" ndi woyang'anira nyumba yosungiramo katundu, koma "responsible for the loss" ndi amene anasowetsa katunduyo.

Za moto wa foni ndi za njovu

Izi n'zosavuta. "My phone is charging" ndiye kuti foni ili pa moto, ndipo a ku Britain amanenanso kuti "on charge". Foni ikatha moto musamasulire liwu ndi liwu n'kutchula "fire". Nenani kuti "My battery is flat" kapena "My battery is dead," ndipo ikatsala pang'ono, "My battery is low." Kuika mayunitsi ndi "top up" kapena "recharge". A sayansi ali ndi "positive charge" ndi "negative charge" zawo, zimene ana amakumana nazo m'phunziro la Physics.

Wotsogolera alendo ku Liwonde akanena kuti "The elephant may charge," sakunena za ndalama zolowera pageti. Akuti njovuyo ikhoza kukuthamangirani. "Attack" ndi woyandikana naye, koma "charge" amafuna liwiro ndi thupi lonse, n'chifukwa chake amayenera njovu, njati, ng'ombe yamphongo kapena gulu la asilikali. Udzudzu ndi njoka sizichita "charge".

Achibale ake atatu muwadziwiretu. "Overcharge" ndi kudulitsa mopyola muyeso. "Surcharge" ndi ndalama yowonjezera pa mtengo wokhazikika. "Discharge" ndi kutsitsa katundu uja: wodwala akatulutsidwa m'chipatala ndi "discharged", ndipo adokotala akafunsa za "discharge" akunena zamadzimadzi zotuluka m'thupi kapena pabala. Pamenepo yankhani mosabisa.

Musanasinthe mawu ndi anzake, ayeseni kaye

Buku la mawu ofanana matanthauzo, limene pa Chingerezi amati "thesaurus", ndi lothandiza, koma limafuna kusamala. Lotchuka kwambiri, la Peter Mark Roget, linatuluka koyamba mu 1852, ndipo linasonkhanitsa mawu motsatira ganizo limene amayandikana nalo, osati kuti ndi ofanana ndendende. Mawu otere ali ngati ana a mimba imodzi: nkhope n'zofanana, koma aliyense ali ndi khomo lake ndi khalidwe lake. Mukatsegula pa "charge" mupeza "fee", "accusation", "attack" ndi "custody" pa tsamba limodzi. Kungotolapo amodzi chifukwa akumveka apamwamba ndiye kudziika m'mavuto.

Chitani izi. Lembani chiganizo chanu ndi "charge" momwe chinalili. Pansi pake lembaninso ndi mawu atsopanowo, kenako muone ngati mperekezi wasintha, chifukwa nthawi zambiri amasintha: "charged with" amasanduka "accused of", "in charge of" amasanduka "responsible for". Mukatero dzifunseni ngati kulemera kwake kwatsala chimodzimodzi. Kuchoka pa "accused" kupita pa "charged" mwalowetsapo apolisi. Kuchoka pa "charge" kupita pa "fine" mwasandutsa malipiro wamba kukhala chilango. Pomaliza tsegulani dikishonale ya ophunzira Chingerezi, ija imakhala ndi ziganizo za zitsanzo, ndipo muyambe kuwerenga zitsanzozo musanawerenge tanthauzo. Chitsanzo chimakuonetsani mawu amene amayenda limodzi, chinthu chimene tanthauzo lokha silingakuuzeni. Ngati mukugwiritsa ntchito Google Translate, ikanimo chiganizo chonse. Mukaikamo liwu limodzi lokha, makinawo alibe podziwira kuti mukunena za foni kapena za khoti.

Polemba ndi pamanja samalaninso "charge" ndi "change". Amasiyana chilembo chimodzi chokha, koma wina ndi ndalama imene mukulipira, winayo ndi chenji chimene akubwezerani.

Dziyeseni

Tengani kope, mulembe m'Chichewa tanthauzo la chiganizo chilichonse, ndiponso mawu ena a Chingerezi amene angalowe m'malo mwa "charge" popanda kuwononga nkhani.

1. "They charged us for parking."
2. "Two men were charged with robbery."
3. "Who took charge after the manager left?"
4. "The buffalo charged without warning."
5. "The child was left in her aunt's charge."
6. "The board is charged with protecting consumers."

Choyamba, anatilipiritsa poimika galimoto, ndipo mungati "made us pay for". Chachiwiri, amuna awiri atsegulidwa mlandu wakuba moopseza. Apa "accused of" akuyandikira koma akuchepetsa, chifukwa sakuonetsa kuti nkhani yafika m'manja mwa boma, ndipo "convicted of" ndi bodza lenileni. Chachitatu, ndani anatenga udindo bwana atachoka, "took over" kapena "took control". Chachinayi, njati inathamangira anthu mwadzidzidzi, "rushed at them". Chachisanu, mwana anasiyidwa m'manja mwa azakhali ake, "in her aunt's care".

Chachisanu ndi chimodzi ndi chimene chimakola ambiri. Diso likaona "charged with" limathamangira kukhoti. Koma kuteteza ogula si mlandu, ndi ntchito. Bungwelo lapatsidwa udindo woteteza anthu ogula, ndipo mawu olowa m'malo ndi "tasked with" kapena "responsible for". Ngati munachiphonya, tengani nyuzipepala ya Chingerezi ya sabata ino, mudule mzere pansi pa "charged with" aliyense amene mumupeze, ndipo m'mbali mulembe kuti "mlandu" kapena "udindo" musanapitirize kuwerenga.